Ndani Adzalankhulire Nyanja Yathu?

Pa Chileka pamadutsa zinthu ziwiri zimene anthu a m'midzi yozungulira anazizolowera kotero kuti salabadiranso. Choyamba ndicho ndege, zimene zimatera ndi kunyamuka pa bwalo limene lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 16 kuchokera mu mzinda wa Blantyre, bwalo limene linali khomo lalikulu la dziko lino lisanamangidwe la ku Lilongwe. Chachiwiri sichioneka ndi maso pakuti chimayenda m'mipope. Awa ndiwo madzi a mu mtsinje wa Shire, amene amapopedwa pa Walker's Ferry, nakankhidwanso ndi makina a pa Chileka kuti akwere chitunda mpaka kukafika mu mzinda. Shire amatuluka m'Nyanja ya Malawi. Tsono munthu wa ku Ndirande akamamwa tiyi m'mawa ndiye kuti akumwa nyanja, chingakhale sanapondeko phazi ku Mangochi.

Nkhani yathu ikukhudza zonse ziwiri, madziwo ndi ndegezo. Tikufuna kukamba za anyamata ndi asungwana amene angoyamba kumene ntchito yofufuza za m'nyanja, ndiponso za ndalama zimene mabungwe ena amapereka kuti achinyamata otere akwere ndege kupita ku misonkhano ya akatswiri anzawo m'maiko akunja. Poyamba kumva, nkhaniyi ikhoza kuoneka ngati ya anthu ochepa ophunzira kwambiri. Koma mukadekha nafe muona kuti ikufika mpaka pa mulu wa usipa wa pa msika wa Lunzu.

Wina afunsa kuti, nanga dziko lathu lopanda gombe la nyanja yamchere, za akatswiri a m'nyanja zikutikhudza pati? Yankho lili pa khomo pathu. Dontho la mvula logwa pa Lirangwe limatsikira mu Shire, Shire nathira mu Zambezi ku Mozambique, Zambezi nakathira m'nyanja yamchere ya India. Ndipo nyanja yamchereyo imabweza moni. Namondwe wa Ana, amene anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, anachokera komweko. Namondwe wa Freddy, amene anagumula mapiri ndi kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi madera ena a chigawo cha kumwera mu Malichi 2023, anabadwira kufupi ndi Australia, naoloka nyanja yonse ya India, ndipo m'dziko muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Pamwamba pa izi, tili ndi nyanja yathuyathu, yakuya mamita pafupifupi 700, imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi. Njira zoifufuzira n'zofanana kwambiri ndi zimene amagwiritsa ntchito a ku nyanja zamchere, ndipo akatswiri a mbali ziwirizi amaphunzirana.

Kodi ku msonkhanoko kumachitika zotani?

Msonkhano wa asayansi suli ngati wa chitukuko kumene mlendo wolemekezeka amalankhula ena onse nangoomba m'manja. Ufanana ndi bwalo la milandu. Wofufuza aliyense amene chidule cha ntchito yake chavomerezedwa amapatsidwa mphindi zochepa, kawirikawiri zosapitirira 15, kuti afotokoze chimene anafufuza, mmene anafufuzira ndi chimene anapeza. Akatha, omvera amamufunsa, ndipo safunsa mwa ulemu wokha ayi. Munayeza nsomba zingati? Munaziyeza nyengo ya mwera kapena ya dzinja? Mukudziwa bwanji kuti kuchepa kwake n'chifukwa cha makoka, osati kutentha kwa madzi? Ena sapatsidwa nthawi yolankhula, koma amapachika pepala lalikulu pa khoma pamene alembapo ndi kujambulapo ntchito yawo, naimirira pambali pake kuyankha aliyense wodutsa.

Komatu zazikulu zimachitika pa nthawi ya tiyi. M'pamene wachinyamata amakumana ndi mkulu amene dzina lake ankangoliwerenga m'mabuku, m'pamene amamva za malo a maphunziro apamwamba asanalengezedwe, m'pamenenso amapeza mnzake wa ku Kisumu kapena ku Kigoma amene ali ndi makina oyezera amene iye alibe. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Wofufuza amene sanayesedwepo ndi mafunso a anthu osamudziwa amakhala ngati mpeni wosanoledwa: angaoneke wokongola m'chimake, koma sitidziwa ngati ungadule.

Ndipo apa m'pamene pagona vuto. Katswiri wotchuka amaitanidwa, ndipo nthawi zambiri omuitanawo ndiwo amamulipirira ulendo. Koma wachinyamata, amene ndiye amadzuka m'bandakucha kukadikira asodzi pa doko, kuyeza nsomba imodziimodzi ndi kulemba m'kope manja akununkha, ndiye amatsala kumudzi. Ntchito yake imakafotokozedwa ndi wina, mwinanso osafotokozedwa konse.

Mkangano wa kapenta

Kuti tione kulemera kwa nkhaniyi, tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono. M'zaka za 1967 ndi 1968 kansomba kotchedwa kapenta kanatengedwa ku Nyanja ya Tanganyika n'kukaikidwa mu damu la Kariba. Kanaswana kwabasi, katsika ndi Zambezi mpaka ku Cahora Bassa, ndipo mpaka lero kakudyetsa mabanja ambiri. Poona zimenezi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kunabuka ganizo lakuti kapenta aikidwenso m'Nyanja ya Malawi. Maganizowo sanali opusa. Aliyense amene anakhalako kunyanja amadziwa nkhungu, tizilombo timene timatuluka m'madzi ngati utsi. Ofuna kapenta ankati mphutsi za nkhunguzo zimadya chakudya chambiri cha pakati pa nyanja, pamene nsomba zathu sizizidya mokwanira, kotero chakudya chikungouluka n'kupita. Bwanji osabweretsa nsomba yoti ichisandutse ndiwo?

Akatswiri ena, monga David Eccles amene anagwira ntchito zaka zambiri ku malo ofufuzira za nsomba ku Monkey Bay, anatsutsa kolimba. Iwo anati nsomba yachilendo ikalowa m'nyanja yaikulu simungaitulutsenso, ndipo palibe angalonjeze kuti usipa ndi utaka zidzapulumuka. Pa nthawi yomweyo ku Nyanja ya Victoria kunali kuoneka zoopsa. Chinsomba chachikulu chotchedwa Nile perch, chimene chinaikidwamo m'zaka za m'ma 1950, chinachulukana mwadzidzidzi m'ma 1980 n'kumeza timitundu ta nsomba ta m'menemo tambirimbiri, tina mpaka kutheratu. Kapenta sanaikidwe m'nyanja yathu. Pambuyo pake, kafukufuku wamkulu wa nsomba za pakati pa nyanja amene anachitikira ku Senga Bay kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anapeza kuti nsomba zathu za kutali ndi gombe zimadya ndithu mphutsi za nkhungu, ndiponso kuti m'katimo muli nsomba zambiri monga ndunduma zimene asodzi a ngalawa zazing'ono sankazifikira.

Nyanja inapulumuka chifukwa akatswiri anatsutsana poyera, wina nabweretsa umboni wa ku nyanja ina. Koma taonani mayina a anthu amene mawu awo anamveka kunja pa mikangano ya masiku amenewo, ndi a amene anawatsogolera: Ethelwynn Trewavas ndi Kate Ricardo Bertram amene anafufuza nsomba zathu mu 1939, Rosemary Lowe amene anaphunzira za chambo kuyambira 1945, Geoffrey Fryer ndi T. D. Iles a ku Nkhata Bay m'ma 1950. Tiyenera kuwathokoza, pakuti ntchito yawo ndiyo maziko. Komabe onsewa anali alendo. Amalawi amene ankapalasa ngalawa, kuponya maukonde ndi kutchula mayina a nsombazo analipo, koma mawu awo sanafike ku London.

Lero zinthu zinasintha. Tili ndi akatswiri athu monga Emmanuel Kaunda, Friday Njaya ndi Sosten Chiotha, amene zolemba zawo pa za nsomba ndi za Nyanja ya Chilwa zimawerengedwa kunja. Za usodzi ndi ulimi wa nsomba zimaphunzitsidwa ku Bunda, ku yunivesite ya Mzuzu ndi ku sukulu ya za nsomba ya Mpwepwe ku Mangochi. Koma mikangano sinathe. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi, linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zotsala pang'ono kutha. Mu 2020 ku Mchinji kunabuka matenda a zilonda za nsomba, amene anali ataoneka kale mu mitsinje ya Chobe ndi Zambezi kuyambira 2006. Pa tsiku lotere, wofufuza amene anadyapo nsima pamodzi ndi mnzake wa ku Zambia amadziwa woti amuimbire lamya.

Mtengo wa ulendo

Tsono ulendo wotere umadya zingati? Sititchula chiwerengero pakuti mitengo imasintha mwezi ndi mwezi, koma tikhoza kutchula zolipira. Pali tikiti ya ndege, ndipo wonyamuka pa Chileka kupita ku Ulaya kapena ku America ayenera kukasintha ndege ku Johannesburg, ku Nairobi kapena ku Addis Ababa. Pali ndalama yolembetsera msonkhano. Pali chiphaso choyendera, ndi viza, imene nthawi zina imatuluka msonkhano utatha. Pali malo ogona ndi chakudya. Pafupifupi zonsezi zimawerengedwa m'madola kapena ndalama zina zakunja, pamene malipiro a wofufuza wathu ali m'makwacha, ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wongoyamba ntchito amene akulipirira abale ake sukulu sangakwanitse ulendo wotere ndi thumba lake, ngakhale atasala kudya.

Maiko olemera nawo anaona kalekale kuti achinyamata awo amakanika kuyenda. Ku Britain kuli bungwe la Challenger Society for Marine Science, limene linatenga dzina la sitima ya HMS Challenger imene inazungulira dziko kufufuza nyanja zamchere kuyambira 1872 mpaka 1876. Bungweli linakhazikitsa kathumba kothandiza ophunzira ake kupita ku misonkhano. Ndalamazo si zambiri, koma zimakwanira kuti mwana wa sukulu akaimirire pamaso pa akuluakulu. Ngati mwana wa ku Southampton amafuna thandizo, nanga wa ku Lirangwe?

Pa dziko lonse pali bungwe la SCOR, limene linayamba mu 1957, ndipo kwa zaka zambiri linathandiza asayansi a m'maiko osauka kufika ku misonkhano ya za nyanja zamchere. Njira yake inali yakuti ndalama zinkaperekedwa kwa okonza msonkhano, iwo nasankha oti athandizidwe. Ichi n'chofunika kuchidziwa: khomo loyamba kugogoda ndilo la okonza msonkhano eni ake.

Kufupi ndi kwathu kuno kuli WIOMSA, bungwe la asayansi a kumadzulo kwa nyanja ya India, limene linakhazikitsidwa mu 1993 ndipo likulu lake lili ku Zanzibar. Mothandizidwa ndi dziko la Sweden, bungweli linakonza mathumba atatu otchedwa MARG: loyamba la kafukufuku, lachiwiri lokayendera nyumba zofufuzira za anzawo, lachitatu la ulendo wa ku misonkhano. Msonkhano wake woyamba unachitikira ku Mombasa mu 1997, ndipo wa 2013 unali ku Maputo. Koma chigawo chake ndi cha maiko a m'mbali mwa nyanja yamchere ndi zilumba zake, monga Kenya, Tanzania, Mozambique, South Africa, Madagascar ndi Mauritius. Malawi mulibe. Zikutanthauza kuti anzathu awiri amene timagawana nawo nyanja ali ndi bwalo limene ife tilibe.

Chimene chinatifikira ife mwachindunji ndi ntchito ya bungwe la ACARE, limene limasonkhanitsa akatswiri a nyanja zikuluzikulu 7 za mu Africa: Albert, Edward, Kivu, Malawi, Tanganyika, Turkana ndi Victoria. Pamodzi ndi bungwe la IISD la ku Canada, ACARE inayambitsa ndondomeko yotchedwa African Women in Science. Iyi inkasankha amayi achitsikana ofufuza za m'madzi ochokera m'maiko ozungulira nyanjazi, Malawi ali momwemo, n'kuwaphunzitsa kwa miyezi ingapo za utsogoleri ndi kafotokozedwe ka ntchito yawo, kenaka n'kuwatengera ku msonkhano wa pachaka wa IAGLR, bungwe la ofufuza nyanja zikuluzikulu, umene mu 2023 unachitikira ku Toronto. Chimene chikutikondweretsa pa ndondomekoyi n'chakuti sinkangopereka tikiti. Munthu ankayamba wakonzedwa, kuti akafika kumeneko asakangokhala kumbuyo ngati mkamwini watsopano. Ndipo kusankha amayi n'koyenera, pakuti pa madoko athu amayi ndiwo ambiri mwa oyanika, owamba ndi ogulitsa nsomba, koma m'zipinda zimene amakambiramo za nsombazo amakhala owerengeka.

Njira ina ndiyo yakuti msonkhano ubwere kwathu konkuno. Mu Sepitembala 2018 bungwe la PAFFA, la akatswiri a nsomba a mu Africa monse, linachititsa msonkhano wake wachisanu ndi chimodzi ku Mangochi. Pamenepo wophunzira wa ku Bunda ankangofuna ndalama ya basi. Koma mwayi wotere subwera chaka ndi chaka.

Nanga si za maalawansi zomwezi?

Tikudziwa chimene ena mwa inu, makamaka aphunzitsi, mukung'ung'udza. M'dziko muno mawu akuti msonkhano anaipitsidwa. Taona anthu akusaina pepala m'mawa, kulandira envulopu, masana n'kusowa. Taona bwana akupita ku maphunziro oyenera wantchito wake. Mphunzitsi amene akuphunzitsa sayansi popanda ngakhale botolo limodzi loyezera ali ndi ufulu wofunsa ngati ndalama ya tikiti sikanagula mabuku.

Funsoli n'lomveka ndipo sitilinyoza. Koma pali kusiyana. Thandizo limene tikunenali kawirikawiri siliperekedwa kwa munthu chifukwa cha udindo wake, koma chifukwa cha ntchito imene walemba ndipo yavomerezedwa ndi akatswiri amene sakumudziwa. Wopanda chonena sapita. Ndipo kawirikawiri ndalamazo sizikwanira zonse, kotero wolandirayo amagona m'chipinda chotsika mtengo nasunga malisiti kuti akaonetse. Amene akufuna envulopu sangalimbe njira imeneyi.

Chimene ife tikudandaula nacho n'china. Pafupifupi mathumba onse tatchulawa ndi a alendo, ndipo thumba la mlendo limatsekedwa tsiku limene mwini wake wasintha maganizo. Komanso mwini thumba ndiye amasankha msonkhano ndi mutu wa nkhani. Dziko lino lili ndi bungwe loona za sayansi, National Commission for Science and Technology, lili ndi mayunivesite, lilinso ndi makampani amene amapindula ndi madzi a nyanja: opanga magetsi, olima nzimbe ku chigwa cha Shire, opopa madzi a m'mizinda. Mbiri imatiuza kuti pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inaphwa kotero kuti Shire anasiya kutuluka. Zitachitikanso lero, makina a ku Nkula ndi a pa Walker's Ferry angakhale chete tsiku limodzi. Kodi n'chinthu chachikulu kuti opindula otere asonkhe kathumba kotumiza achinyamata asanu pa chaka kukaphunzira ndi kukafotokoza za madzi amene chuma chawo chatsamirapo? Ife tikuona kuti ayi.

Kwa amene mwatsiriza sukulu

Inu amene mwalemba mayeso a Fomu 4 ndipo mtima wanu uli ku ntchito yotere, dziwani kuti ulendo suyambira pa Chileka. Umayambira pa kafukufuku weniweni, kaya wamng'ono bwanji, wochitika mosamala. Okonza msonkhano amalengeza tsiku lomaliza kulandira zidule za ntchito miyezi yambiri msonkhano usanafike, ndipo masiku ano zonse zimayenda pa intaneti. Chidulecho chimakhala cha mawu 200 kapena 300, chonena funso, njira ndi zopeza, popanda maluwa. Pamodzi nacho amafuna kalata ya mphunzitsi wanu, ndondomeko ya ndalama yosakokomeza, ndi mawu ochepa onena chimene ulendowo udzapindulire inu ndi kwanu. Mabungwe ambiri amathandiza mamembala awo okha, koma ophunzira amalowa ndi ndalama yochepa. Chiphaso choyendera chikhale chokonzeka kale, pakuti viza siyembekeza munthu wochedwa. Mukakanidwa, funsani chifukwa chake ndipo lembaninso. Safunsa anadya phula.

Kwa aphunzitsi pempho lathu n'lakuti mwana azizolowera kuimirira ndi kufunsidwa. Ambiri mwa ana athu amakhoza bayoloje ndi masamu pa pepala, koma akafunsidwa kuti wadziwa bwanji amagwetsa nkhope, poganiza kuti funso ndi chidzudzulo. Sipafunika zipangizo zodula. Atumeni akatunge madzi a mu mtsinje wa Lirangwe m'mabotolo oyera, lina mu Okutobala, lina mvula yoyamba itagwa, lina mu Febuluwale. Awasiye adikhe, ayeze ndi rula kuchuluka kwa matope amene akhala pansi, alembe, ndipo mmodzi aimirire kutsogolo kwa kalasi kwa mphindi zisanu kufotokoza, anzake namufunsa m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe. Msonkhano wa ku Toronto ndi womwewo, kungoti chipinda chake n'chachikulu.

Ndipo amene wapeza mwayi wapita, pobwera ali ndi ngongole ziwiri. Yoyamba ndi lipoti ndi malisiti kwa omuthandiza, pakuti mmodzi akalephera kupereka, dzina la dziko lonse limada ndipo wotsatira amavutika. Yachiwiri ndi ya kwa eni nsomba. Ku Nyanja ya Malombe, chambo chitatha, boma linayamba mu 1993 kugwira ntchito ndi makomiti a asodzi a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, ndipo njira imeneyi inafalikira ku madoko ena. Makomiti amenewa ndiwo amasunga nyengo yotseka nyanja ndi kulanda maukonde osaloledwa, ndiwonso amene anamulola wofufuzayo kuyeza nsomba zawo. Zimene anakanena m'Chingerezi kwa mphindi 15 kutsidya la nyanja, akazinenenso pa doko, m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitonga, ndipo ayembekezere kuti mafunso a kumeneko adzakhala ovuta kuposa a ku Canada.